Akavalo a M'galimoto ya Kaunjika

Tchuthi chapitachi ndinachithera m'galaja ya amalume anga ku Ndirande, kumene ntchito yanga inali kupatsira masipanala ndi kutsuka mabawuti m'palafini. Ndinapitako kukasaka ya sopo ndi ya mabuku, koma ndinakapezako mkangano umene unatenga masabata asanu, ndipo mkanganowo ndiwo wandilembetsa nkhani ino. Msuweni wanga, mwana woyamba wa amalumewo, anali atangoitanitsa galimoto ku Japan, Toyota Altezza ya chaka cha 2001, yoyera, ya magiya asanu ndi limodzi osintha pamanja. Inatsikira pa doko la Dar es Salaam, nakaitenga yekha, kudzalowa nayo pa Songwe. Sabata isanathe n'komwe iye anali atadula masipuling'i kuti galimoto igwade, atachotsa ekizozi ya kufakitale n'kuikapo chimpope cholira ngati chigayo, ndipo anali kufunsafunsa za munthu wodziwa kumasula kompyuta ya injini. Maloto ake anali akuti tsiku lina adzaithamangitse pa bwalo lenileni la mpikisano.

Amalume sanazikonde. "Iwe," anatero m'mawa wina akupukuta manja, "Mjapani anakhala pansi ndi masamu ake, nayeza chitsulo chilichonse. Tsono iwe wa sowo ndi nyundo ukonzanso chiyani?" Msuweni anayankha kuti galimotoyo anachita kuimanga miyendo kufakitale komweko, pakuti ikafika pa makilomita 180 pa ola imakana kupitirira, ndipo iye sangodyetsa kavalo womangidwa. Onse awiri anatembenukira kwa ine, poti ndine ndimaphunzira mbiri yakale ku sukulu ya ukachenjede, ngati kuti aphunzitsi athu amatiphunzitsanso za mapisitoni. Ndinalonjeza kuti ndikafufuza. Zimene ndinapeza sizinapatse chilungamo chonse kwa mmodzi wa iwo.

Choyamba chimene chinandidabwitsa n'chakuti amene anayamba kudula ndi kulumikiza magalimoto a ku Japan ndi eni mafakitale omwe. Kampani ya Honda inatsegula bwalo la Suzuka m'chaka cha 1962, ndipo mu 1963 panachitikira mpikisano woyamba wa Japan Grand Prix. Kampani ina yaing'ono yotchedwa Prince inachita manyazi pa mpikisanowo chifukwa inabwera ndi magalimoto osasinthidwa kwenikweni pamene anzawo anali atawakonza mwakachetechete. Chaka chotsatira, 1964, mainjiniya ake, motsogozedwa ndi Shinichiro Sakurai, anatenga Skyline, galimoto wamba ya banja ya zitseko zinayi, naitalikitsa mphuno ndi masentimita 20 kuti mulowe injini ya masilinda asanu ndi limodzi yochokera m'galimoto yaikulu ya Gloria. Pa tsiku la mpikisano Tetsu Ikuzawa anapitirira Porsche 904 ya ku Germany natsogola kwa kanthawi kochepa, khamu la anthu n'kuimirira. Porsche inapambanabe, koma ma Skyline anatenga malo onse kuyambira lachiwiri kufikira lachisanu ndi chimodzi. Dziko limene zaka zosakwana makumi awiri m'mbuyomo linali phulusa la nkhondo linaona galimoto yake yolumikizalumikiza ili patsogolo pa ya Azungu, ndipo mpaka lero okonda magalimoto kumeneko amasimbabe za kanthawi kameneko. Prince inamezedwa ndi Nissan mu 1966, ndipo mu 1969 munatuluka Skyline GT-R yoyamba, imene inapambana mipikisano yokwana 50 pofika 1972.

Nditawerengera amalume zimenezi anangoti, "Amenewo anali mainjiniya, osati ana a mu Ndirande." Sindinatsutse.

Koma gawo la mbiriyi limene likutikhudza ife a kuno ndi la fumbi ndi matope. Mu 1953 atsamunda a ku Kenya anayambitsa mpikisano wokondwerera kulongedwa ufumu kwa Elizabeth II, umene pambuyo pake unadziwika kuti East African Safari Rally. Magalimoto ankayenda mtunda wa pafupifupi makilomita 5,000 m'misewu ya Kenya, Uganda ndi Tanganyika, usana ndi usiku, nyengo ya mvula ya Pasaka, ndipo zaka zina omaliza ulendowo sankakwana ndi khumi omwe. Makampani a ku Japan anaona kuti galimoto yopirira kumeneko idzagulidwa paliponse. Mu 1970 Edgar Herrmann ndi Hans Schüller anapambana ndi Datsun 1600 SSS, ndipo mu 1971 anabwereza ndi Datsun 240Z. Mu 1973 Shekhar Mehta, wobadwira ku Uganda, anapambananso ndi 240Z, ndipo kuyambira 1979 mpaka 1982 anapambana zaka zinayi zotsatizana ali pa chiwongolero cha Datsun. Joginder Singh wa ku Kenya anapambana ndi Mitsubishi Lancer mu 1974 ndi mu 1976. Toyota Celica ya turbo inatenga chikho mu 1984, 1985 ndi 1986. Choncho pamene amalume amanena kuti galimoto ya Mjapani siifa msanga, akunena mbiri imene mbali yake inalembedwa pa dothi la Africa, ndi madalaivala ena obadwira konkuno.

Ndikufuna owerenga aonetsetse mmene magalimoto a Safari ankakonzedwera, pakuti apa ndi pamene msuweni wanga anayamba kuyang'ana kumbali. Sankawagwaditsa ayi. Ankawakweza m'mwamba, kulimbitsa mashoko ndi masipuling'i, kuwotcherera thupi lonse kuti lisang'aluke, ndi kumanga chitsulo chochindikala pansi pa injini kuti mwala usaboole chosungira oyilo. Mphamvu ya injini inali nkhani yotsirizira. Makaniko wa timu ya Datsun akanaona Altezza ya msuweni wanga ikukhula mimba pa chitunda cha pamsewu wa ku Chirimba, akanagwira pakamwa.

Kugwaditsa galimoto ndi kusaka akavalo ambiri kunachokera ku mtsinje wina wa mbiri yomweyi, wa m'misewu ya phula ya ku Japan konko. Mu 1973 mafuta anakwera mtengo pa dziko lonse, ndipo boma la Japan linakhwimitsa malamulo a utsi wa magalimoto. Makampani aakulu anabwerera m'mbuyo pa za mipikisano, ndipo magalimoto atsopano anatuluka ofooka. Mpata umenewu unadzazidwa ndi timagalaja ting'onoting'ono. M'chaka chomwecho cha 1973 Hiroyuki Hasegawa, amene kale anali injiniya ku Yamaha, anayambitsa HKS pafupi ndi phiri la Fuji, ndipo chaka chotsatira anayamba kugulitsa turbo yoti munthu akamangirire pa galimoto yake. Hirotoshi Honda, mwana wa mwini Honda, anayambitsa Mugen m'chaka chomwechonso. TOM'S inabadwa mu 1974. Makampani aakulu ataona kuti pali ndalama anatsegula nthambi zawozawo: dzina la TRD la Toyota linayamba mu 1976, Nismo ya Nissan mu 1984, STI ya Subaru mu 1988.

Kwa anzanga a ku zaluso amene sanatsegulepo boneti, turbo ndi kachipangizo kosavuta kukamvetsa. Utsi wotuluka m'injini umazunguza kagudumu, kagudumuko n'kuzunguza kanzake kamene kamakankhira mpweya wambiri m'masilinda. Mpweya ukachuluka mukhoza kuwotcha petulo wambiri, ndipo injini yaing'ono imakoka ngati yaikulu. Vuto lake ndi kutentha. Mpweya wopanikizidwa umatentha, ndipo petulo akakhala wosalimba amaphulika nthawi yake isanakwane, n'kumenya pisitoni ngati nyundo mpaka kuisungunula. Mbiri yonse ya okonza injini a ku Japan ndi nkhondo yolimbana ndi kuphulika kumeneku.

Anyamata ogula zipangizozi analibe ndalama zolowera m'mipikisano ya boma, tsono ankapita m'misewu usiku. Ena ankathamanga pa msewu waukulu wa m'mbali mwa nyanja ku Tokyo, wotchedwa Wangan. Ena ankakwera m'mapiri, m'misewu yokhotakhota imene iwo amati touge, ndipo kumeneko ndiko kunakulira luso loseseretsa galimoto chammbali pokhota. Galimoto imene inatchuka m'mapirimo sinali yamphamvu konse. Inali Toyota Corolla ya mtundu wa AE86, yopangidwa kuyambira 1983 mpaka 1987, injini ya malita 1.6, akavalo 130 okha, kulemera kwake kosakwana tani imodzi, yokoka ndi matayala a m'mbuyo. Keiichi Tsuchiya, wobadwa mu 1956 ku Nagano, anaphunzirira kuyendetsa m'mapiri momwemo, atatengera chitsanzo kwa katswiri wakale Kunimitsu Takahashi. Mu 1987 anajambulitsa kanema akuseseretsa AE86 pa msewu wa anthu onse, ndipo akuluakulu a mipikisano anamulanda chilolezo chake kwa kanthawi. Kanemayo anafalikira ngati moto wa m'chilimwe. Mu 1995 Shuichi Shigeno anayamba kujambula nthano ya Initial D, ya mnyamata woperekera tofu usiku pa AE86 ya bambo ake, ndipo kudzera m'nthanoyo ana a m'maiko ambiri, msuweni wanga ali momwemo, anaphunzira mayina a magalimoto asanaone n'komwe chipale chofewa kapena tofu.

Magazini ndi makanema amakonda kusimba mbali yokoma ya usiku umenewo. Sasimba kwambiri za anyamata amene anagwera m'maphompho, kapena anthu osalakwa amene anakumana nawo pa ngodya. Boma la Japan ndi apolisi ake sanali kusekerera. Nthawi imeneyo ngozi za pamsewu zinkapha anthu oposa 10,000 pa chaka m'dzikomo, ndipo makampani anaopa kuti boma liwaikira malamulo owawa. N'chifukwa chake anagwirizana okhaokha kuti galimoto yogulitsidwa m'dziko mwawo isapitirire makilomita 180 pa ola, ndiponso, kuyambira 1989, kuti pasakhale galimoto yolembedwa kuti ili ndi akavalo oposa 280. Pangano lachiwirili linatha mu 2004 pamene Honda Legend inatuluka ndi akavalo 300. Chingwe chimene msuweni wanga amadandaula nacho chinamangidwa pa chifukwa chimenechi, ndipo apa anali kunena zoona: galimoto yake anaimangadi dala.

Panganoli linali ndi chinyengo chake. Makampani ankalemba 280 pa pepala, koma injini n'kuimanga yolimba moti ikhoza kupirira kuwirikiza kawiri. Chitsanzo chachikulu ndi Skyline GT-R ya 1989, yotchedwa R32, ya injini ya malita 2.6 ndi ma turbo awiri, yokoka ndi matayala onse anayi. Inapangidwa ndi cholinga chimodzi, kupambana mipikisano ya Group A, ndipo kuyambira 1990 mpaka 1993 inalowa mipikisano 29 ya chikho cha dziko la Japan n'kupambana yonse 29. Ku Australia inapambana Bathurst 1000 mu 1991 ndi mu 1992, atolankhani a kumeneko n'kuitcha Godzilla, owonerera n'kuikuwiza poti inachititsa manyazi magalimoto awo. Munthu wogula galimoto yoteroyo ankadziwa kuti akavalo ena abisidwa mkati, ndipo magalaja anali okonzeka kuwatulutsa. Mu 1995 boma linafewetsa malamulo osinthira zipangizo za galimoto, malonda n'kukula koposa. Ena anapyola muyeso: mu 1998 Kazuhiko Nagata, mwini galaja ina ya ku Japan, anamangidwa ku England atathamangitsa Toyota Supra kupitirira makilomita 300 pa ola pa msewu wa A1(M) usiku.

Chimene chinasintha mchitidwewu kukhala masewero olemekezeka ndi bwalo. Ku Ibaraki, kumpoto kwa Tokyo, kuli kabwalo kotchedwa Tsukuba, kotsegulidwa mu 1970, kotalika makilomita awiri ndi pang'ono. Kuyambira m'ma 1990 magazini anayamba kuitanira magalaja kumeneko kuti aliyense azungulire payekha, wotchi ndiyo iweruze. Galimoto yozungulira mphindi imodzi isanakwane inkalemekezedwa. Pa kabwalo kokhotakhota chotero panaoneka poyera kuti akavalo okha sathandiza. Amene ankapambana ndi amene anali ndi matayala ogwira, mabuleki osatopa, thupi lopepuka ndi miyendo yoyezedwa bwino. Kuseseretsa nakonso kunachoka m'mapiri n'kulowa m'bwalo pamene Tsuchiya ndi Daijiro Inada, woyambitsa magazini ya Option, anayambitsa mpikisano wa D1 Grand Prix, umene chaka chake choyamba chathunthu chinali 2001, chaka chomwe Altezza ya msuweni wanga inatuluka m'fakitale.

Nanga zinatheka bwanji kuti galimoto yoteroyo ifike ku Ndirande? Ku Japan kuli lamulo loyeza magalimoto lotchedwa shaken. Galimoto yatsopano imayezedwa ikatha zaka zitatu, kenaka zaka ziwiri zilizonse, ndipo kuyezako pamodzi ndi misonkho ndi inshuwalansi kumadya ndalama zambiri. Eni ake ambiri amaona kuti n'kwabwino kugulitsa n'kugula ina. Magalimotowo amapita kumisika ya kabetchera, ndipo oposa 1 miliyoni amakwezedwa m'sitima chaka chilichonse kupita kunja. Ife tinapezerapo mwayi chifukwa cha atsamunda athu: timayenda kumanzere kwa msewu monga a ku Japan, chiwongolero chili kumanja. Ndi kaunjika weniweni, wosiyana ndi wa zovala pa kulemera pokha. Koma m'kaunjikamu zonona zimatengedwa ndi a matumba aakulu. Ku America kuli lamulo loti galimoto yakunja yotere ilowe ikakwana zaka 25, tsono R32 itakwanitsa zakazo mu 2014 mitengo yake inakwera mosaneneka, ndipo zinateronso ndi anzake otsatira. Kwa mnyamata wa kuno kumatsala ma Altezza, ma Subaru otopa ndi ma Mark X.

Sindikunyoza Altezza. Ya mtundu wa RS200 ili ndi injini ya malita awiri imene Yamaha inathandiza kukonza, yopanda turbo, yotulutsa akavalo 210 ikamazungulira ka 7,600 pa mphindi, ndipo imakoka ndi matayala a m'mbuyo monga AE86. Koma nambala ya 210 inayezedwa injini ili yatsopano, pafupi ndi nyanja, ikumwa petulo wapamwamba wa ku Japan amene okiteni yake imayandikira 100. Blantyre ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000, pamene mpweya ndi wopepuka, ndipo injini yopanda turbo imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu zake pamtunda wotero. Onjezanipo zaka zoposa makumi awiri za kutha kwa zitsulo. Nditamuwerengera msuweni masamu amenewa anandiyankha kuti masamu ndi a ku kalasi.

Loweruka lina anati atiperekeze ku Zomba, ine ndi katundu wanga, ndipo popeza nthawi inalipo tinakwera phiri mpaka Ku Chawe. Pokwera galimoto inalira bwino, ndipo ndivomere kuti mtima wanga unakondwa. Potsika msuweni anafuna kundionetsa za touge. Anathamanga pakati pa ngodya ndi ngodya, n'kumaponda mabuleki mwamphamvu pofika pokhota, kanayi, kasanu, kasanu ndi kamodzi. Kenaka ndinamva fungo la chinthu chopserera, ndipo pa ngodya yotsatira ndinaona phazi lake likumira mpaka pansi galimoto osamva. Kutsogolo kunali amayi awiri atasenza nkhuni, ndi mnyamata wokankha njinga yodzaza matabwa. Msuweni anagwetsera giya yachiwiri, injini n'kukuwa, nakoka handibuleki pang'onopang'ono, n'kukhulitsa mbali ya galimoto ku khoma la phiri mpaka inaima. Amayi aja anataya mitolo yawo n'kuthawira m'tchire. Pamene anatuluka, wamkulu mwa iwo sanakalipe. Anangoyang'ana msuweni nati, "Achimwene, kodi kumanda mukufuna kupita ndi ife?" Tinawathandiza kutola nkhuni zawo manja akunjenjemera, ndipo tinakhala pamenepo pafupifupi ola lathunthu kudikira kuti mabuleki azizire.

Amalume anafotokoza chimene chinachitika popanda kutsegula buku. Mafuta a mabuleki amamwa chinyontho cha mumpweya chaka ndi chaka. A mtundu wa DOT 3 akakhala atsopano sawira kufikira madigiri 205, koma akamwa madzi akhoza kuwira pa madigiri 140 okha. Akawira mumapangika nthunzi m'mapaipi, ndipo nthunzi imafinyika, tsono phazi limangopondereza mpweya. Mafuta a m'galimoto ya msuweni anali akuda ngati tiyi wopanda mkaka. Mwina anathiridwa ku Japan komweko mwini wake woyamba asanaigulitse. Iye anali atawononga ndalama zokwana fizi yanga ya teremu pa chimpope ndi zomatamata, osagula botolo limodzi la mafuta a mabuleki. Masipuling'i odulawo nawonso anali atapangitsa kuti matayala a kutsogolo adyeke mkati mpaka mawaya kuonekera.

Ndinkayembekeza kuti amalume anena kuti galimotoyo ibwezeredwe mmene inalili, nkhani n'kutha. Sanatero. Lolemba m'mawa anaikweza okha pa jeke, natuma mnyamata kukasaka masipuling'i athunthu kwa ogulitsa zipangizo za magalimoto ophwasulidwa. Anakhetsa mafuta akale onse n'kuthira DOT 4, anasintha mapadi ndi mapaipi a labala amene anali atafufuma, nalamula msuweni kuti agulitse chimpope chija agulire matayala anayi a mtundu umodzi. Kenaka, popanda wowapempha, anadula chitsulo cha mamilimita anayi n'kuchimanga pansi pa injini. Nditawauza kuti a Datsun ankachita zomwezo ku Safari mu 1971, anandiyang'ana nati, "Mphwanga, ine ndinkamangira zimenezi pa ma Datsun a ma estate a fodya iwe usanabadwe. Patsire sipanala ya 14."

Za kompyuta ya injini anakanitsitsa, ndipo chingwe cha 180 chikadalipo. Anauza mwana wawo kuti akafuna kuchimasula akachimasulire pa chipata cha bwalo, pamene palibe amayi a nkhuni. Kufupi ndi kwathu kulibe bwalo lotero. Msuweni wafufuza za Donnybrook ku Harare ndi Zwartkops kufupi ndi Pretoria, kumene masiku ena munthu wamba amalipira n'kulowa ndi galimoto yake, atavala chisoti, akaiyeza kaye ngati ili bwino. Wawerengera petulo wa ulendo wodzera pa Mwanza ndi Tete, mapepala a pa malire, ndi matayala ena anayi obwererera, ndipo ndalama zake akusunga m'chitini cha girizi chimene chili pa shelefu ya pamwamba m'galajamo. Tsiku limene ndinkanyamuka kubwerera kuno ndinachisuzumira. Munali zokwanira kukafika ku Tete.